Kompyuta Ikayamba Kuchedwa, Yambani Mwayeza Kaye

Kompyuta ikangoyamba kuchedwa, anthu ambiri amathamangira pa intaneti kukasaka pulogalamu yoitsuka ndi kuithamangitsa. Amaipezadi, chifukwa mapulogalamu otere alipo ambirimbiri, okhala ndi mabatani akuluakulu obiriwira, olonjeza kukonza zonse mukangodina kamodzi. Koma kuchedwa ndi chizindikiro chabe, monga mmene kulili kutentha thupi: akhoza kukhala malungo, chimfine kapena matenda ena, ndipo dokotala wabwino sapereka mankhwala asanayeze. Malangizowa ndi a kompyuta yokhala ndi Windows 10 kapena Windows 11. Zida zambiri zomwe mukufuna zili kale mkati mwake, ndipo zochepa zomwe muyenera kutsitsa ndi zaulere. Chofunika kwambiri ndi kutsatira ndondomeko, chifukwa kuyambira pakati n'kumene kumatayitsa anthu mafayilo.

Musanagwire chilichonse, sungani mafayilo anu

Kompyuta yochedwa ikhoza kukhala ndi diski yomwe yatsala pang'ono kufa. Ntchito yofufuza mavayirasi ndi kutsuka imachititsa diski kuwerenga kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, ndipo diski yofooka ikhoza kutsirizikira pomwepo. Choncho pezani hard disk yakunja kapena fulashi yaikulu, mukopere mafoda a Documents, Pictures, Desktop ndi Downloads. Mukamaliza, tsegulani mafayilo angapo kuchokera pa diski yakunjayo kuti mutsimikize kuti akutsegukadi, kenako izuleni. Musaisiye yolumikizidwa, chifukwa mavayirasi otchedwa ransomware amatseka fayilo iliyonse yomwe angaifikire, ngakhale ya pa diski yakunja.

Onaninso ngati diski yanu ili yokhomedwa ndi BitLocker. Makompyuta ambiri atsopano amabwera atakhomedwa kale mwiniwake osadziwa. Kiyi yotsegulira ili ndi manambala 48 ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Ilembeni papepala lero lomwe. Pomaliza, lembani mawu akuti Create a restore point pa Start, n'kupanga malo obwererapo. Izi sizisunga zithunzi kapena makalata anu, zimangothandiza kubwezeretsa Windows mmene inalili ngati mwasokoneza china chake.

Funsani diski mmene ikupezera

Tsitsani CrystalDiskInfo kuchokera patsamba la eni ake. Diski iliyonse ya masiku ano imadzilembera mbiri ya thanzi lake kudzera mu njira yotchedwa S.M.A.R.T., ndipo pulogalamuyi imangokuwerengerani mbiriyo. Mukaitsegula muona kabokosi kumanzere chakumtunda. Kakakhala ka buluu kolembedwa Good, zinthu zili bwino. Kakakhala kachikasu kolembedwa Caution, yang'anani pamndandanda wam'munsi mizere iwiri: Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Mzere woyamba umawerenga timalo ta pa diski tomwe tinawonongeka ndipo diskiyo inasamutsira zinthu kwina. Wachiwiri umawerenga timalo tomwe diski ikulephera kuwerenga pakali pano. Nthawi iliyonse kompyuta ikafika pa kamalo kotere, imayesa mobwerezabwereza, ndipo inu mumangoona chilichonse chaima, kenako chayambanso kuyenda.

Mukaona chikasu kapena kufiira, imirani pomwepo. Palibe pulogalamu yomwe imachiritsa diski yowonongeka. Chofunika ndi diski ina, ndipo masitepe otsatirawa mudzawachita mutaisintha. Chimodzimodzi mukamamva kaphokoso kogogoda mobwerezabwereza mkati mwa kompyuta, ngakhale pulogalamu ikunena kuti Good, chifukwa diski zina zimafa osachenjeza.

Pa sikirini yomweyo onani mzere wa Rotation Rate. Mukaona 5400 kapena 7200, ndiye kuti muli ndi diski yakale yozungulira. Mukaona SSD, muli ndi yamakono. Kumbukirani yankho limeneli, lifunika kutsogoloku.

Gwirani wolakwa ali mkati mochita

Task Manager ndi chida chomwe ndimachidalira kuposa china chilichonse, ndipo anthu ambiri amangochigwiritsa ntchito potseka pulogalamu yomwe yauma. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Ngati chatseguka kawindo kakang'ono, dinani More details. Chinsinsi chake ndi kuchitsegula pa nthawi yomwe kompyuta ikuchedwayo, osati ikamayenda bwino. Musaweruzenso ndi mphindi zoyambirira mutangoyatsa, chifukwa nthawi imeneyo kompyuta iliyonse imakhala yotanganidwa.

Pa Processes pali mizati ya CPU (purosesa, ubongo wa kompyuta), Memory, Disk ndi Network. Mukadina mutu wa mzati, pulogalamu yomwe ikudya kwambiri imabwera pamwamba. Mzati womwe wafika pafupi ndi 100 peresenti ndi umene ukukuuzani komwe kuli vuto.

Ngati Disk ili pa 100 peresenti koma mapulogalamu onse akungosuntha mamegabayiti ochepa pa sekondi, ndipo diski yanu ndi yozungulira ija, ndiye kuti diskiyo ndi imene ikulephera kupirira. Izi zimachitika kwambiri pa malaputopu akale. Ngati Memory yadzaza kupitirira 90 peresenti, RAM, malo omwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe ikugwiritsa ntchito, yachepa, ndipo Windows ikubwereka malo pa diski kuti isungepo zomwe zikanakhala mu RAM. Diski imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM, n'chifukwa chake kusintha kuchoka pa windo ina kupita pa ina kumatenga nthawi. Kawirikawiri wodya RAM amakhala browser yokhala ndi matabu ambirimbiri. Mu Chrome ndi Edge, kudina Shift ndi Esc kumatsegula Task Manager ya browser yokha, yomwe imaonetsa tabu kapena extension (kapulogalamu kowonjezera pa browser) yomwe ikudya kwambiri.

Ngati CPU ndi imene yadzaza, onani dzina la pulogalamu yomwe ili pamwamba. Mayina ena amaopsa koma ndi a Windows yeniyeni. Antimalware Service Executable ndi Microsoft Defender ikufufuza mavayirasi, ndipo Windows Modules Installer Worker ndi yoika ma update. Zisiyeni zimalize. Dzina lomwe simukulidziwa musalitseke mwachisawawa. Dinanipo batani lakumanja la mausi, musankhe Open file location. Mwachitsanzo, fayilo yeniyeni ya Windows yotchedwa svchost.exe imakhala mu C:\Windows\System32. Mukapeza ya dzina lomwelo itabisala mu AppData kapena mu Temp, ikayikireni kwambiri, chifukwa mavayirasi amakonda kuba mayina a mafayilo a Windows.

Musanatseke Task Manager, pitani pa Performance, mudine CPU, muone pomwe palembedwa Up time. Mukhoza kudabwa kuona kuti kompyuta yomwe mumaizimitsa madzulo aliwonse ikunena kuti yakhala ikuyenda masabata angapo. Chomwe chimachititsa ndi Fast Startup: mukadina Shut down, Windows imasunga mtima wake pa diski n'kudzapitiriza pomwe inalekezera. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Mavuto ena ang'onoang'ono amathera pomwepa.

Kwa kompyuta yomwe imauma kapena kuzima yokha, lembani mawu akuti reliability pa Start ndi kutsegula Reliability Monitor. Imaonetsa masiku motsatizana, ndipo tsiku lomwe chinachake chinagwa limakhala ndi chizindikiro chofiira. Bwererani pa tsiku lomwe zofiirazo zinayambira, muone chomwe chinaikidwa tsiku limenelo kapena dzulo lake. Nthawi zambiri mupeza driver watsopano (kapulogalamu koyendetsa chipangizo monga printer) kapena pulogalamu yomwe munaiwala kuti munaika.

Kutentha

Purosesa ikatentha kufika cha m'ma digiri 95 mpaka 100, imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake ndi kompyuta yomwe imayamba bwino koma pakapita kanthawi imayamba kukwawa, fani ikulira mosalekeza. HWMonitor kapena HWiNFO ikuonetsani kutenthako. Mankhwala ake si pulogalamu ayi. Zimitsani kompyuta, izuleni ku magetsi, mupemerere fumbi m'mabowo otulukira mpweya, uku mutagwira fani kuti isazungulire mothamanga. Ndipo laputopu musamaiike pa bulangeti kapena pa matiresi, chifukwa imapumira pansi.

Tsopano fufuzani mavayirasi

Microsoft Defender, yomwe imabwera ndi Windows, ndi yokwanira kwa anthu ambiri a pakhomo. Vuto lomwe limapezeka kawirikawiri ndi antivayirasi yoyeserera yomwe inabwera ndi kompyuta, nthawi yake inatha kalekale, koma ikadali momwemo n'kumangoonetsa mauthenga opempha kuti mulipire. Ichotseni kotheratu, Defender itenge malo. Musasunge ma antivayirasi awiri olondera nthawi imodzi, amalimbana okhaokha ndipo kompyuta imalemedwa.

Tsegulani Windows Security, mupite pa Virus & threat protection, kenako Scan options. Yambani ndi Full scan, yomwe ikhoza kutenga ola limodzi kapena kuposerapo. Ikatha, bwererani pomwepo musankhe Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta iyambanso yokha n'kufufuza Windows isanadzuke, pa nthawi yomwe vayirasi sinapeze mpata wodzibisa. Kenako funsani maganizo achiwiri kwa Malwarebytes yaulere, komanso AdwCleaner ya kampani yomweyo, yomwe imadziwa bwino kusaka timapulogalamu tobweretsa malonda ndi tosintha tsamba loyambira la browser.

Browser iyenderedwe payokha. Tsegulani mndandanda wa ma extension, muchotse iliyonse yomwe simukukumbukira kuti munaiika. Pitaninso pa makonzedwe a Notifications. Mauthenga ambiri otulukira pakona ya sikirini onena kuti kompyuta yanu ili ndi mavayirasi sachokera ku vayirasi iliyonse, amachokera ku tsamba lina lomwe tsiku lina munalidinira Allow. Lichotseni pamndandandawo, mauthengawo atha. Ndipo uthenga uliwonse wodzaza sikirini, wolira, wokuuzani kuti muimbe nambala ya foni kuti akuthandizeni, ndi wa akuba. Microsoft siika manambala a foni m'mauthenga ake ochenjeza. Tsekani browser kudzera pa Task Manager, ndipo musalole munthu wosamudziwa kulowa mu kompyuta yanu kudzera pa AnyDesk kapena TeamViewer.

Ngati mukukayikabe, pali Autoruns ya gulu la zida za Sysinternals, zomwe Microsoft inazitenga mu 2006. Imaonetsa chilichonse chomwe chimadziyambitsa chokha, ngakhale zobisika zomwe Task Manager sionetsa. Mu Options sankhani kubisa zinthu za Microsoft kuti mndandanda ufupike, n'kuyatsa kufufuza kwa VirusTotal, komwe kumayerekeza fayilo iliyonse ndi ma antivayirasi ambirimbiri. Chomwe mwachikayikira musachifufute, ingochotsani kachizindikiro m'kabokosi kake, kuti mukapeza kuti chinali chofunika muchibwezeretse. Chenjezo limodzi pa VirusTotal: fayilo yomwe mwatumiza kumeneko anthu ena ofufuza amatha kuiona, choncho musatumizeko makalata anu achinsinsi.

Pali vayirasi ina yofala yoyenda ndi mafulashi, yomwe imasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut. Mafayilo anu amakhala alipo, angobisidwa. Musadine ma shortcut amenewo, chifukwa kudinako n'kumene kumalowetsa vayirasi mu kompyuta. Fufuzani fulashiyo ndi Defender, kenako tsegulani Command Prompt, windo yolembamo malamulo, mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda enieni aonekeranso, ndipo ma shortcut aja mutha kuwafufuta.

Ndinenepo mosabisa za mapulogalamu obedwa, aja amabwera ndi crack kapena activator. Malangizo ake oyamba amakhala akuti muzimitse kaye antivayirasi. Mukatero mwatsegulira nokha chitseko munthu wosamudziwa ndi kumupatsa ulamuliro wonse pa kompyuta yomwe muli mapasiwedi anu. Ngati chomwe mukufuna ndi Microsoft Office, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Kuchepetsa katundu

Pofika pano mwadziwa kuti diski ili bwino, kompyuta sikutentha ndipo mulibe vayirasi. Tsopano ndi pamene kutsuka kuli ndi phindu.

Mu Task Manager pitani pa Startup, muone mzati wa Startup impact. Mapulogalamu monga Spotify, Teams, Steam ndi ena ofanana nawo amakonda kudziyambitsa kompyuta ikangoyaka, ngakhale simuwafuna tsiku limenelo. Dinani Disable pa onse omwe simuwafuna nthawi yomweyo. Sachotsedwa, amangodikira kuti muwatsegule nokha. Zokhudza mawu, touchpad ndi chitetezo zisiyeni. Kenako pitani ku Settings, pa Apps, muchotse mapulogalamu omwe simuwagwiritsa ntchito. Koma mizere yolembedwa Microsoft Visual C++ Redistributable, ngakhale ikuoneka yobwerezabwereza, musaikhudze, mapulogalamu ena amadalira imeneyo.

Diski yodzaza thothotho imachedwetsa zonse ndipo imalepheretsa ma update. Yesetsani kuti gawo limodzi mwa magawo khumi likhale lopanda kanthu. WizTree kapena WinDirStat imajambula diski yonse ngati timabokosi, fayilo yaikulu kabokosi kakakulu, moti mumaona msanga chomwe chadya malo. Nthawi zambiri amakhala mavidiyo oiwalika mu Downloads. Fufutani zokhazo zomwe mukuzidziwa kuti ndi zanu, ndipo mu foda ya Windows musalowemo ndi dzanja. Zinyalala za Windows zichotseni ndi Storage Sense kapena Disk Cleanup, podina Clean up system files. Foda ya Windows.old imachotsedwanso pamenepo, koma dziwani kuti ikapita simungabwererenso ku Windows yomwe munali nayo musanakweze.

Defragment musade nayo nkhawa. Windows imachita yokha sabata iliyonse, ndipo imadziwa kusiyanitsa diski yozungulira ndi SSD.

Zomwe sindikulimbikitsani n'komwe ndi mapulogalamu otsuka registry ndi osaka ma driver. Kufufuta mizere yakale mu registry, kaundula wa makonzedwe a Windows, sikuwonjezera liwiro lomwe munthu angalione, koma kufufuta mzere umodzi wolakwika kukhoza kulepheretsa pulogalamu kutseguka, ndipo Microsoft yomwe imanena kuti sivomereza mapulogalamu otere. Komanso pulogalamu iliyonse yomwe mwaipatsa ulamuliro pa kompyuta ndi khomo lina lolowera. Mu 2017 akuba analowerera CCleaner, pulogalamu yotchuka yotsukira, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anatsitsa mtundu wa 5.33 uli ndi vayirasi mkati, kuchokera patsamba lake lenileni. Ma driver atengeni ku Windows Update kapena patsamba la kampani yomwe inapanga kompyuta yanu.

Windows ikakhala kuti yavulala mkati

Ngati Start sikutseguka bwino, ma update akulephera kapena mukuona sikirini ya buluu, tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator. Yambani ndi DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth muli pa intaneti. Ikhoza kuoneka ngati yaima malo amodzi kwa nthawi yaitali, musaitseke. Ikatha lembani sfc /scannow. Lamulo loyamba limakonza nkhokwe ya mafayilo a Windows, lachiwiri limagwiritsa ntchito nkhokweyo kusintha mafayilo owonongeka, n'chifukwa chake ndi bwino kuwatsatanitsa motero. Sikirini ya buluu ikamabwerabe, makamaka ndi mauthenga osiyanasiyana, yesani RAM polemba mdsched pa Start. MemTest86 imayesa mozama kuposa pamenepo, ndipo ndi bwino kuisiya usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi kawirikawiri chimatanthauza kuti RAM ili ndi vuto.

Kutseka makomo

Ma update amatopetsa, koma ndi amene amatseka mabowo olowera akuba. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko oposa 100, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, pomwe Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu March chaka chomwecho. Amene anavulala ndi amene anali asanachiike. Yendetsani Windows Update mpaka inene kuti palibe chotsala. Pa mapulogalamu ena, lamulo lakuti winget upgrade --all, lolembedwa mu Command Prompt, limakweza ambiri nthawi imodzi.

Mu File Explorer yatsani File name extensions, kuti fayilo yodzitcha chithunzi.jpg.exe ionekere poyera kuti si chithunzi. Ana ndi alendo apatseni akaunti ya Standard, osati ya Administrator. Mapasiwedi asungeni mu Bitwarden kapena KeePassXC, akaunti iliyonse ndi pasiwedi yakeyake, ndipo pa imelo yanu yatsani chitsimikizo chachiwiri, chifukwa wolowa mu imelo amatha kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse. Ngati munapeza vayirasi, sinthani mapasiwediwo pogwiritsa ntchito chipangizo china choyera. Pomaliza yatsani File History kuti izikopera mafayilo ku diski yakunja, muziilumikiza nthawi ndi nthawi n'kuizulanso.

Pamene mapulogalamu alekezera

Mukachita zonsezi koma Disk ikadali pa 100 peresenti pa diski yozungulira, sinthani muike SSD. Palibe kusintha kwina komwe kumatsitsimutsa kompyuta yakale ngati kumeneku. Windows 11 imavomera kulowa pa RAM ya 4 GB, koma kuti muzigwira ntchito momasuka pamafunika 8 GB kapena kuposerapo. Mu Task Manager, pa Performance ndi Memory, mzere wa Slots used umasonyeza ngati pali malo owonjezerapo, ngakhale malaputopu ena opyapyala RAM yake ndi yomatiriridwa ndipo sisinthika.

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu January 2020. PC Health Check ikuuzani ngati kompyuta yanu ingalandire Windows 11, yomwe imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yosakalamba kwambiri. Ikakanidwa, sikuti yatha ntchito. Linux Mint, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, imayenda bwino pa makompyuta akale ndipo maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi a Windows. Ilembeni pa fulashi ndi Rufus kapena balenaEtcher, muyatse kompyuta kuchokera pa fulashiyo osaika chilichonse, muyese Wi-Fi, mawu, kamera ndi printer. Onaninso ngati mapulogalamu omwe mumadalira pa ntchito yanu ali ndi mtundu wa Linux, chifukwa Microsoft Office ndi Photoshop zilibe. Zonse zikayenda, ndipo mafayilo anu ali pa diski yakunja ija, mutha kudina Install.